Tsiku limene a Dominiko anaodira pakhomo pawo pomwe

Ntchito yoyamba, m'zaka za Chitaganya

Ana anga, za ubwana wanga ndi za kusukulu ndinakusimbirani kale pakamwa mpaka munayamba kundimalizira nokha, choncho pano ndiyambira pa njinga. Nditatsiriza maphunziro a ulangizi wa zaulimi ananditumiza ku Dowa, kumapiri a cha ku Chezi, ndipo anandipatsa njinga yakuda, kabudula ndi malaya a kaki, chipewa, ndi chingwe chachitali chokhala ndi kagalasi ka madzi pakati, kamene tinkakatcha levulo. Chingwe chimenecho n'chimene tinkayezera malo otsetsereka kuti tidziwe podutsa migula, mizere ikuluikulu yopingasa phiri imene imagwira madzi a mvula kuti asathamange. Tsiku limene ndinakwera njinga ija ndinali wokondwa ngati mbuzi yongomasulidwa kumene. Ndinaimba njira yonse, ndipo mumtima ndinkati mapiri onsewa akhala akudikira ine.

Sankandidikira ayi. Inali nthawi ya Chitaganya, ndipo mawu akuti malimidwe anali ngati kutukwana. Munthu wosakumba migula ankamutengera kubwalo la milandu, choncho anthu ankaona kuti malimidwe ndi Chitaganya n'chinthu chimodzi, ndipo mlangizi ndiye miyendo yake. Ndikangotulukira pamudzi, amuna ankazimiririka ngati alowa pansi. Ndikafunsa, amayi ankayankha mwaulemu ndithu kuti, "Apita kumaliro, a Langizi." Mudzi wina unandiuza za maliro kambirimbiri moti ndinkadabwa kuti anthu otsalawo akuchokera kuti. Zinkandiwawa, chifukwa Chitaganyacho nanenso sindinkachifuna, koma dothi ndinkalikonda ndi mtima wonse.

Mkulu wathu anali mzungu wamtali amene anthu anamupatsa dzina lakuti Bwana Chingwe. Sanali woipa mtima, kungoti ankamvera chisoni dothi kuposa anthu olima dothilo. Tikafika pamtsinje ankatunga madzi ofiira m'manja n'kundionetsa, amvekere, "Lukasi, ona! Dowa akupita kunyanja!" Chinyanja chake chinali cha m'buku, choongoka ngati ndodo. Zipangizo zinali zosowa kwambiri. Levulo ija tinkabwerekana ndi mnzanga wa dera la ku Dzoole, mwezi uno ine, wamawa iye. Piki kapena wilibala sitinkaziona n'komwe, ndipo chubu cha njinga chikadzaza zigamba ndinkalonga udzu m'tayala n'kumapita, mano akugundana njira yonse.

Dzinja loyamba

M'dera langa munali kamtsinje kotchedwa Kamwankhuku. Akuluakulu ankati kale kanali kofatsa, koti nkhuku n'kumwa itaima pakati. Kumtunda kwake, pamsana pa phiri, kunali mudzi wa kwa Sendeza. Kunsi m'chigwa kunali mudzi wa kwa Chiponda, wokhala ndi minda yachonde ndi madimba m'mbali mwa madzi. Tsiku lina masana ndili kwa Chiponda, mvula inagwa yamphamvu kuphiri, kunsi kuno n'kungowaza. Kenaka tinamva mkokomo ngati wa galimoto yonyamula fodya. Madzi anatulukira ofiira, atanyamula zitsa, chimanga chachiwisi ndi mbuzi ya munthu, ndipo tikuona ndi maso athu gombe linagumuka n'kupita ndi theka la munda wa mayi wina, a Veronika Nabanda. Chimanga chawo chinali chitayamba kutulutsa ngayaye. Nkhokwe yawo, imene inali chapafupi, inapendekeka n'kutsala ikusuzumira m'phompho.

A Veronika anali mayi wamfupi, wolankhula mosapsatira. Sanalire. Ananditembenukira nati, "A Langizi, mumayenda ndi chingwe kuyeza mapiri. Tayezani apa mutiuze pamene panali munda wanga." Iwo anapitiriza: "Madzi awa akadzabweranso chonchi chaka chamawa, ife pano tisamuka. Tisiya malo a amayi athu ndi manda omwe, tikapemphe pokhala kwa eni ake." Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. M'mawa mwake ndinasiya njinga n'kutsata mtsinje wapansi, kukwera phiri mpaka pamene madzi ankayambira. Ndinapeza chigwembe chakuya kuposa msinkhu wanga, mutu wake uli m'munda wa mayi wina wa kwa Sendeza, a Naphiri. Mitengo ya kumeneko inathera ku zigafa za fodya, ndipo mizere yonse inali yotsetsereka ndi phiri, uliwonse ngati ngalande. Ndinatsika chothamanga ndi chisangalalo, poti matenda ndinali nditawapeza ndipo mankhwala ake ndinali nawo m'thumba.

Chilimwe chotsatira

Anthu atakolola ndinaitanitsa msonkhano kwa Sendeza. Ulendo uno maliro kunalibe, amuna anabwera bwinobwino. Ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma, ndipo onse anavomera kuti, "Zoona, a Langizi. Mwanena zoona." Ndinakhoma zikhomo zosonyeza podutsa migula n'kubwerera ndikuimba mluzu. Nditapitakonso ndinapeza zikhomo zili pomwepo, pa zina atamangirirapo mbuzi. Ndinaitanitsanso, anavomeranso. Potsiriza bambo wina amene nthawi zonse ankakhala kumapeto akuluka mphasa, osatukula mutu, anandimvera chisoni. Anali a Dominiko, amuna awo a Naphiri aja. Anandiitanira pambali nati, "A Langizi, mukudzivuta ndi anthu olakwika. Ife tonse mukutionawa ndife akamwini. Tinabwera kuno ndi khasu ndi bulangete basi. Ndikakumba mgula m'munda wa akazi anga, mawa abale awo adzandifunsa kuti mundawo ndinabwera nawo kuchokera kuti. Mtengo ndiye ayi n'komwe. Mkamwini akadzala mtengo amati akufuna malo." Ndinapita kwa amayi a m'mudzimo, iwo anati za boma ndi za amuna. Nkhani inangozungulira ngati galu wofuna pogona.

Bwana Chingwe atamva zimenezi nkhope inafiira. "Undipatse mayina, Lukasi. Angapo akapita kubwalo, enawo akumba." Apa ndiye panali povuta pa ntchito yanga yonse. Lamulo linali kumbali yake, ndipo ine ndinali wongoyamba kumene, amayi ndi azing'ono anga kumudzi akuyang'ana kwa ine. Koma kudera lina ndinali nditaona migula yokumbidwa ndi mantha, yosaya, yongopaka pamwamba, imene mvula ikabwera imaphulika n'kukumba chigwembe choposa choyamba. Migula yotero kwa Sendeza ikanamalizitsa munda wa a Veronika. Ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Bwana, mayina sindipereka. Mundipatse nthawi mpaka mvula." Iye anandifunsa kuti, "Uli ndi nzeru ina?" Ndinati, "Ndilibe, bwana, koma ndiipeza." Iye anati, "Mvula ikagwa kwa Sendeza kulibe migula, ubweze njinga ndi chingwe." Ndinatuluka mu ofesi mtima uli m'malo.

Nzeruyo ndinakaipeza ku chinkhoswe. A Veronika anandiitana ku chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi kwa Chiponda, ndipo ndikufika ndinamva mawu amphamvu akulamula pabwalo: uyu akhale apa, awo adikire, abale a mnyamata anene bwino kumene amachokera. Anthu onse anali chete kumvetsera. Nditayang'anitsitsa ndinatsala pang'ono kugwa panjinga. Anali a Dominiko, atavala jekete, chifuwa chili patsogolo, munthu yemwe uja woluka mphasa osatukula mutu! Ndinanong'oneza a Veronika kuti, "Kodi awo si a Dominiko a kwa Sendeza?"

Anaseka. "A kwa Sendeza? Kumeneko amangogonako. Ameneyo ndi mlongo wanga, mwini mbumba ino. Pano palibe chochitika iye asanalankhule."

"Nanga bambo ake a mwanayu ali kuti?"

Analoza kuseri kwa nyumba, kumene bambo wina wofatsa ankawaza nkhuni. "Ndi awo, a Sitefano, amuna anga. Musawaone kufatsa, mukawaone kwawo kwa Sendeza. A Naphiri ndi mlongo wawo, ndipo sadula ngakhale nthochi asanawafunse."

Ana anga, chikamwini ndinkachidziwa, nanga ndani sachidziwa? Chimene sindinkadziwa n'chakuti midzi iwiriyi yakhala ikusinthana amuna kuyambira kale. Amuna ambiri a kumtunda anali ana a kunsi, ndipo a kunsi anali ana a kumtunda. Aliyense analibe pakamwa kumene ankagona, koma kumene anabadwira ankabangula. Chakudya tsiku limenelo sindinachimve kukoma chifukwa cha chimwemwe, ndinkangofuna mwambo uthe. Utangotha ndinakokera a Dominiko ndi a Veronika kugombe logumuka lija.

Ndinati, "A Dominiko, madzi amene anadya munda wa mlongo wanu amayambira m'munda umene mumalima inuyo."

Anayang'ana phompho, anayang'ana phiri. "Ndikudziwa. Khasu langa lomwe. Koma ndinakuuzani kuti kumtunda ndilibe pakamwa."

"Nanga jeketeyi imathera pati? Simungakwere nayo phiri?"

Asanayankhe, a Veronika anawomba m'manja. "Dima! Ine ndifulula, ndiitane dima, anthu akakumbe migulayo. Amenewo si malimidwe, si za boma. Ndi dima la Nabanda."

Kwa inu amene munakulira m'tauni, dima ndi pamene mwini munda afulula mowa kapena thobwa, anzake n'kubwera kudzamulimira, pomaliza n'kumwera limodzi. Koma dima amaitana ndi mwini munda, m'munda mwake. Loitanira m'munda wa munthu wina linali lisanamvekepo. Mphekesera itafika kwa Sendeza, a Naphiri anapsa mtima. "Dima m'munda mwanga ine ndili moyo? Manja anga anaduka liti?" Ndinamva kuti a Dominiko anadya ndiwo zopanda mchere kwa masiku ndithu. Ndiye anapangana ndi alamu awo a Sitefano kuti nkhaniyi iyende mwa mwambo, mbumba ikapemphe kwa mbumba inzake.

M'mawa wa tsiku limene anapangana, a Dominiko anadzuka m'nyumba mwawo kwa Sendeza n'kutsika phiri, a Sitefano anadzuka kwa Chiponda n'kukwera. Anakumana panjira, anapatsana moni wa pachilamu, aliyense n'kupitiriza ulendo wa kwawo. Dzuwa litakwera tinanyamuka kwa Chiponda, a Dominiko patsogolo ndi jekete ija, a Veronika ndi amayi ena pambuyo atanyamula nkhuku, ine kumapeto. A Dominiko anali atandichenjeza kale kuti, "Chingwe mubwere nacho, koma kaki wa boma musiye kunyumba," choncho ndinavala malaya anga a kutchalitchi. Titafika kwa Sendeza, a Dominiko anaima pakhomo pa nyumba imene anamanga okha, imene anadzukamo m'mawa womwewo, n'kuwomba m'manja.

"Odi kuno!"

Ana awo anagubuduzika ndi kuseka. A Naphiri anatuluka nkhope ili gwa, ngati sanawaonepo chibadwire. "Odini. Alendowa achokera kuti?"

"Kwa Chiponda, mayi."

"Kutali ndithu. Khalani pamphasa."

Anakhala pamphasa imene analuka okha, pomwe a Sitefano, owaza nkhuni aja, anali atakhala pampando wa a Dominiko, mwendo uli pamwamba pa unzake. A Dominiko anapereka nkhuku n'kuyamba kulankhula. Poyamba anthu ankasekera m'manja, koma posakhalitsa kuseka kunatha. Anati, "Ndabwera m'malo mwa mlongo wanga ndi ana ake. Madzi ochokera kuno akutithamangitsa pamalo a amayi athu. Sitikuimba munthu mlandu ayi. Tikungopempha kuti mutilole tibwere ndi makasu athu ndi mowa wathu, tidzagwire madziwo pamene amayambira. Munda ndi wanu, ndipo ukhalabe wanu."

A Naphiri anayankha akuyang'ana pansi: "Amuna anga kulibe, anachoka m'mawa. Koma ndi munthu wofatsa, sangakane." Bwalo lonse linafa ndi phwete, a Dominiko mpaka anabisa nkhope m'jekete. Kenaka mayiwo anakweza mutu n'kunena zakukhosi, kuti migula idzadya mizere ya chimanga chawo, ndiponso kuti anthu adzati Naphiri wagulitsa mudzi kwa a Chitaganya. Apa a Sitefano anatsitsa mwendo uja. Ndinali ndisanawamvepo akulankhula mokweza. "Mlongo wanga, nkhokwe yopendekeka ija ndimadyamo ine, amadyamo ana anga. Kwa Chiponda akasamuka, ine ndibwerera kuno ndi bulangete langa, udzandidyetse iwe. Wa boma pano ukumuona? Ine ndikuona alamu athu okha." Anthu onse anandiyang'ana ine ndi malaya anga a kutchalitchi. Kenaka a Naphiri anati, "Chabwino. Koma nanenso ndifulula. Asadzanene kuti anandilimira ngati wodwala."

Kumapeto kwa chilimwe

Dima limenelo sindidzaliiwala mpaka kufa. Mitsuko inakwera phiri pamitu ya amayi a kwa Chiponda, ina inatuluka m'nyumba za kwa Sendeza, mowa wa akumwa ndi thobwa la osamwa. Ine ndinkathamanga patsogolo ndi chingwe kukhoma zikhomo, makasu akunditsatira pambuyo ndi nyimbo, fumbi lili koboo. Nthaka inali youma, piki tinalibe, koma amuna omwe aja a "zoona, a Langizi" ankakumba mopikisana, aliyense akudziwa kuti mlongo wake akumuona. Amayi ankatuta miyala m'madengu, ife n'kumaiunjika mopingasa m'chigwembe ndi kukhoma mitengo kumbuyo kwake kuti madzi azipumirapo. Chingwe chikamaliza ntchito ndinkagwira khasu nanenso, manja anatuluka matuza, mawu anandithera ndi kuimba. Mayi woyandikana munda ndi a Naphiri ataona anati nayenso akufuna dima, wina chimodzimodzi, mpaka linayenda munda ndi munda. Pambuyo pake a kwa Sendeza anatsika kukabweza, kukadzala nsenjere, nsungwi ndi nthochi m'gombe la kwa Chiponda.

Sikuti zonse zinali zokoma. Mabanja ena anakaniratu, minda yawo inatsala yopanda migula ngati pochoka dzino. Pamsika anthu ena ananditchula galu wa Chitaganya, ndipo tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba misozi ili m'maso. Koma tsiku limene tinamaliza kumutu kwa chigwembe ndinaona chinthu chimene chinandiiwalitsa zonsezo. A Dominiko anabwera ndi nthambi za kachere n'kuyamba kuzizika m'mphepete. Mnzawo wina anafuula, "A Dominiko, mkamwini kudzala mtengo? Akadzakuthamangitsani mudzauzula?" Iwo osatembenuka n'komwe anati, "Akudzalayu si mkamwini. Ndi mlendo wa kwa Chiponda, anapempha kale." A Naphiri anatenga mtsuko n'kupita okha kukatunga madzi othirira.

Bwana Chingwe anabwera mitambo itayamba kusonkhana. Anayenda mgula uliwonse, anayeza, anapeza umodzi wokhota n'kutiuza kuti tikonze, ndipo ankanena zoona, tinakonza. Anafunsa kuti anthuwa anawaopseza ndani. Nditati palibe, linali dima, anandiuza kuti ndimufotokozere bwino, n'kumabwereza mawuwo yekha ngati akulawa mchere. Koma potsanzika anangoti, "Woweruza ndi mvula, Lukasi."

Dzinja lachiwiri

Mvula zoyamba zinali zaulemu, zongothirira nsenjere zathu. Yeniyeni inabwera chimanga chitafika m'chiuno, masana ngati tsiku lija, mtambo wakuda bii utakhala pamutu pa Sendeza. Ndinapalasa njinga ngati wamisala kupita kwa Chiponda. Ndinapeza mudzi wonse uli pagombe, anthu atafunda masaka ndi masamba a nthochi, a Veronika ataima pafupi ndi mzere womaliza wa munda wawo, miphika ndi mbewu atazisamutsira kale pachulu. Tonse tinkadikira mkokomo uja. Za njinga ndi ntchito ndinali nditaiwala, ndinkangoona nkhope ya mayi ameneyu amene anakwera phiri ndi mitsuko pamutu chifukwa chokhulupirira chingwe changa.

Madzi anachedwa. Atabwera, anabwera akuyenda, osati kuthamanga. Anali ofiirabe ndithu. Anakwera, anafika pa nsenjere, anazigoneka, anakweranso mpaka ndinatseka maso. Nditatsegula anali pomwepo. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kenaka anayamba kuphwera, gombe lili chilili. A Veronika anaimba nthungululu imene ndikhulupirira inamveka mpaka ku Mtengowanthenga. Anthu anavina m'matope, a Sitefano anaterereka n'kugwa chagada akusekabe, ine ndinaponya chipewa cha boma m'mwamba chinakagwera m'madzi n'kupita. Posakhalitsa a Dominiko anatulukira akutsetsereka ndi phiri, atanyowa thupi lonse, kudzanena kuti mpanda umodzi wa miyala wagumuka koma migula yagwira, madzi angoima m'minda ngati m'mbale. Mlongo wawo anawagwira dzanja, ndipo apo m'pamene mayi uja analira. Kwa Chiponda sanasamuke.

Njinga sindinabweze, chipewa chokha n'chimene anandikalipira nacho. Patapita nthawi ananditumiza kumapiri a Ntchisi kuti ndikachite zomwezo. Kumeneko ndikafika pamudzi chingwe ndinkachisiya kaye m'thumba, n'kuyamba ndi kufunsa kuti amuna a pano anabadwira kuti, ndipo madzi a pano amatsikira kwa yani. Kwina zinkatheka, kwina ayi, chifukwa si phiri lililonse limene lili ndi a Veronika ake.

Nditapuma pantchito

Zaka zambiri zitapita, ine nditapuma kale, uthenga unandipeza kuti a Dominiko atisiya. Linali dzinja, koma ndinapita. Anamwalirira kwa Sendeza, kumene anakhala kuyambira pamene anakwatira, poti palibe anawathamangitsa. Koma mwamuna amakagona kwawo, kwa amayi ake, choncho anthu a kwa Chiponda anakwera phiri kudzawatenga. Maliro akutuluka pakhomo lomwe lija, a Naphiri, atakalamba, ndodo ili m'manja, anapempha onyamula kuti aime kaye. Anagwira bokosi n'kunena motsitsa mawu, koma ine ndinali pafupi ndinamva: "Pitani bwino, alendo a kwa Chiponda. Zimene munadzapempha zija tinakupatsani."

Tinadutsa pansi pa mitengo ya kachere ija, itakula moti chigwembe sichinkaonekanso, n'kutsika phiri. Mvula inali itagwa yambiri m'mawa womwewo. Titafika pa Kamwankhuku onyamula sanatsitse bokosi paphewa, anangowoloka, madzi akulekeza m'akakolo.